Kupempha Bwalo

Pali mtundu wina wa zolemba umene sitiuphunzitsa m'makalasi, ngakhale kuti ambiri a ife timaulemba chaka ndi chaka. Ndikunena kalata yopempha mpata woyankhula pamsonkhano. Anthu a m'sukulu zaukachenjede amaidziwa bwino: mutu wankhani, chidule cha mawu owerengeka, mbiri ya wopemphayo m'mizere itatu, kenaka kudikira yankho. Ndi kalata yaing'ono zedi, koma ili ndi nkhanza zakezake, pakuti imaumiriza munthu kunena m'ndime imodzi chinthu chimene wakhala akuchisinkhasinkha kwa zaka. Ngati munthu ali ndi mfundo, chidulecho chimaionetsa poyera. Ngati ali ndi madandaulo okhaokha, chidule chomwecho chimamuulula.

Ntchito imene imandidyetsa ndi yomanga mawebusaiti. Ndimamangira masukulu, mipingo, timagulu ta alimi ndiponso gulu lina la alembi a Chichewa limene limakumana ku Zomba. Miyezi yapitayi ndidaganiza zopempha bwalo pamsonkhano wa anthu ogwiritsa ntchito pulogalamu ya WordPress. Misonkhano yotere amaitcha WordCamp. Woyamba udachitikira ku San Francisco m'chaka cha 2006, ndipo kuchokera pamenepo yachitikapo m'mizinda yambiri, kuphatikizapo Cape Town, Johannesburg ndi Nairobi. Ku Harare udachitika koyamba m'chaka cha 2016. Oyankhula kumeneko salipidwa ndipo amachenjezedwa kuti asasandutse nsanja kukhala msika wotsatsira malonda awo. Chimene munthu amapita nacho ndi chimene waphunzira pantchito yake, basi.

Kuti zimene ndidapempha zimveke, ndiyambe ndafotokoza chida chimene timagwiritsa ntchito. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mawebusaiti ambiri ankalembedwa pamanja, tsamba ndi tsamba, m'chiyankhulo cha makompyuta chotchedwa HTML. Mwini nkhani akafuna kukonza chilembo chimodzi chokha ankayenera kufunafuna mmisiri, kumudikira ndi kumulipira. Mapulogalamu a mtundu wa CMS adachepetsa vutoli polekanitsa zinthu ziwiri. Zolemba zimasungidwa m'nkhokwe yakeyake imene amisiri amaitcha database, pomwe maonekedwe a tsamba amakhala m'chikombole chotchedwa theme. Woumba njerwa akakhala ndi chikombole chabwino, aliyense wodziwa kuponda dothi angathe kuumba njerwa zofanana. Chimodzimodzinso kuno: mmisiri amakonza chikombole kamodzi, ndipo mwini nkhani amathiramo mawu ake tsiku lililonse limene wafuna, popanda kupempha munthu.

Mapulogalamu atatu odziwika kwambiri a mtunduwu adabadwa motsatizana. Drupal adaitulutsa Dries Buytaert wa ku Belgium m'chaka cha 2001. WordPress idatuluka m'chaka cha 2003 kuchokera m'manja mwa Matt Mullenweg ndi Mike Little. Joomla idapatuka ku pulogalamu ina yotchedwa Mambo m'chaka cha 2005, ndipo dzina lake adalitenga ku mawu a Chiswahili akuti jumla, otanthauza zonse pamodzi. Onse atatu amagawidwa ndi chilolezo cha GPL, chimene chimalola munthu aliyense kuona m'kati mwa pulogalamu, kuisintha ndi kuigawanso. Malinga ndi kawerengedwe ka W3Techs, mawebusaiti oposa 40 pa 100 alionse akhala akuyendera WordPress kuyambira m'chaka cha 2021. Chigawo chathu chino nachonso chidaikapo dzanja: WooCommerce, pulogalamu yogulitsira malonda imene imalumikizidwa ku WordPress, idatuluka m'chaka cha 2011 ku kampani ya WooThemes imene awiri mwa oiyambitsa ake anali a ku South Africa.

Kwa ziyankhulo zonga chathu, kulekanitsa mawu ndi chikombole ndi nkhani yaikulu koposa m'mene anthu ambiri amaganizira. Kumatanthauza kuti dzanja lomaliza kukhudza mawu lingathe kukhala la mwini chiyankhulo. Mphunzitsi wa Chichewa akaona kuti penapake palembedwa molakwika, amalowa yekha n'kukonza madzulo omwewo. Ichi ndicho chidandikopa pantchitoyi. Komatu chikombole chilichonse chimaumbidwa poganizira dothi linalake, ndipo zikombole zambiri zimene timazitenga zidaumbidwa poganizira Chingerezi. Nkhani imene ndidafuna kukakamba idabadwira pamenepa.

Fomu yopemphera inali ndi mabokosi ochepa. Inkafuna mutu, chidule cha mawu osapitirira 200, kutalika kwa nkhaniyo, mtundu wa omvera ndiponso gawo limene nkhaniyo ikugwera. Magawowo anali anayi: kakonzedwe ka maonekedwe, kalembedwe ka mapulogalamu, zolemba, ndi malonda. Bokosi lotsirizali ndilo lidandidyera masiku. Munthu akangomva kuti nkhani ikukhudza Chichewa amaganiza za kumasulira, ndipo kumasulira amakuika kumapeto, nyumba itafoleredwa kale, ngati utoto wopaka pakhoma. Ine ndinkafuna kukanena kuti chiyankhulo chili m'gulu la njerwa ndi mitengo ya denga, moti womanga ayenera kuchiyeza asanakumbe maziko. Pachifukwa ichi ndidasankha gawo la kakonzedwe ka maonekedwe. Nditasankha choncho ndidadziwa kuti ndiyenera kupereka umboni wogwirika, pakuti amisiri sakhutira ndi mawu okoma onena za chikhalidwe. Amafuna kuona chinthu chikuthyoka pamaso pawo. Ndidatenga zitsanzo zinayi kuchokera pa webusaiti ya gulu la alembi lija.

Chitsanzo choyamba ndi nkhodolero, kachizindikiro kaja kamene timalemba m'mawu monga ng'ombe, ng'ona ndi m'mudzi. Nkhani iliyonse ikaikidwa pa WordPress, pulogalamuyo imatenga mutu wake n'kupanga adiresi ya tsambalo, ndipo pochita zimenezi imachotsa nkhodolero zonse. M'Chingerezi kuchotsako sikuwononga zambiri. Kwathu kuno ng'oma imene timaomba pagule imasanduka ngoma, nyama yam'tchire ya nyanga zopotana. Pakakhala nkhani ziwiri, ina ya chida choimbira ina ya nyamayo, pulogalamu imaziona ngati mutu umodzi ndipo yachiwiriyo imaipatsa nambala 2 kumapeto. Vuto silithera pomwepo. Makompyuta ali ndi nkhodolero ziwiri, yowongoka ndi yopindika, ndipo kwa iwo ndi zilembo zosiyana. Mlembi akalemba nkhani yake mu Microsoft Word n'kuikopera pa webusaiti, imabwera ndi yopindika. Wowerenga akafufuza mawu omwewo pa kiyibodi imene imatulutsa yowongoka, angathe kuuzidwa kuti palibe chimene chapezeka, chikhalirecho nkhaniyo ilipo.

Chitsanzo chachiwiri ndi bokosi lofufuzira. Kafufuzidwe kamene kamabwera ndi WordPress kamangoyang'ana ngati zilembo zimene mwalemba zikupezeka motsatizana penapake m'nkhani. Mukalemba kuti gula, mupeza anagula ndi ndikugula, zimene zili bwino, koma mupezanso tsegula ndi nkhani zonse za kutsegula zitseko. Mukalemba kuti mudzi simupeza midzi, ndipo mukalemba kuti munthu simupeza anthu. Amisiri a Chingerezi ali ndi njira yothetsera vuto lofanana nalo, imene Martin Porter adaifalitsa m'chaka cha 1980: pulogalamu imadula mchira wa mawu kuti patsale tsinde. Njirayo imawathandiza chifukwa mawu awo amasinthira kumchira. Athu amasinthira kwambiri kumutu, kumene kumakhala nthawi, mwininkhani, kuchuluka ndi kukana. Mpeni wosulidwira kudula mchira ukafika pa Chichewa umasiya mutu wonse uli chilili.

Pamwamba pa izi pali nkhani ya malire a mayiko. Ku Malawi timalemba chimanga ndi Chinyanja. Ku Zambia ndi ku Mozambique ambiri amalemba cimanga ndi Cinyanja. Chiyankhulo n'chimodzi, ndipo munthu wa ku Chipata, wa ku Angónia ndi wa ku Dedza akakumana pamsika amamvana popanda womasulira, koma bokosi lofufuzira limawaona ngati anthu a mitundu itatu. Akatswiri adaliona kale vutoli pamapepala, ndipo m'chaka cha 2001 bungwe la CASAS la ku Cape Town lidatulutsa kalembedwe kogwirizana ka ziyankhulo za ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Ngakhale zili choncho, anthu akupitiriza kulemba monga adaphunzirira kusukulu, ndipo womanga webusaiti alibe mphamvu zowasintha. Chimene angathe n'kuphunzitsa bokosi lake kuti c ndi ch pamalo otere ndi abale.

Chitsanzo chachitatu ndi maonekedwe enieni a mawu patsamba. Owerenga athu ambiri amawerengera pafoni, pamene mpata ndi wochepa. Chikombole chokonzedwera mitu ya Chingerezi chimayembekeza timawu tafupitafupi ta zilembo zazikulu. Tsono muikemo mawu akuti Mtanthauziramawu, a zilembo 16, kapena sitidzakuiwalaninso, a zilembo 19, muone m'mene amasefukira kunja kwa tsamba. Pali lamulo lina la maonekedwe limene limalola kompyuta kudula mawu kumapeto kwa mzere, koma imawadula potsata chiyankhulo chimene tsambalo ladzitchula. Chichewa chili ndi chizindikiro chake cha padziko lonse, ny, koma tsamba likasiyidwa likudzitcha la Chingerezi, mawu athu amadulidwa ndi malamulo a eni ake ena. Kudulako kungathe kugwera pakati pa n ndi th, pomwe mwana aliyense wa sitandade 2 amadziwa kuti ntha ndi phatikizo limodzi. Pulogalamu yowerengera anthu osaona nayonso imadalira chizindikiro chomwecho, moti tsamba lodzitchula molakwika limawerengedwa ndi katchulidwe kachilendo. Palinso chilembo cha ŵ, chimene chimapezeka m'mabuku akale, m'zolemba za Chitumbuka ndi m'dzina la Malaŵi monga ena amalilembera. Chilembochi chili nawo malo mu Unicode, ndipo anthu a ku Wales amachigwiritsanso ntchito, koma chimakhala m'gulu la zilembo zoonjezera. Chikombole chikangotenga gulu loyamba lokha, ŵ amaoneka wa msinkhu wina ndi nkhope ina pakati pa anzake, ngati mlendo pamaliro.

Chitsanzo chachinayi ndicho ndimachikonda koposa, chifukwa sichikhudza zilembo zokha. Pulogalamu iliyonse imayankhula ndi munthu kudzera m'timauthenga ndi m'mabatani. Olemba mapulogalamu ena, pofuna kufupikitsa ntchito, amalemba uthenga umodzi wokhala ndi mpata kutsogolo, kuti pulogalamu izidzazamo dzina la chinthu chimene chafufutidwa. M'Chingerezi mneni amakhala yemweyo kaya chofufutidwacho n'chiyani. Kwathu timati tsamba lafufutidwa, nkhani yafufutidwa, chithunzi chafufutidwa, masamba afufutidwa, zithunzi zafufutidwa. Womasulira akapatsidwa mpata umodzi ndi mneni mmodzi, palibe chimene angachite koma kusankha mgwirizano umodzi n'kulakwira magulu ena onse a mayina. Mankhwala ake ndi apafupi: wolemba pulogalamu alembe chiganizo chathunthu pa chinthu chilichonse. Koma ayenera kudziwa kaye kuti vutolo lilipo.

Za mabatani ndidaziphunzira kwa eni webusaiti aja. Tisanayambe kumanga ndidapita kumsonkhano wa komiti yawo ndi pepala limene ndidalembapo njira zitatu zolembera batani lotsegulira nkhani: Werenga, Werengani, Kuwerenga. Wapampando wawo, bambo amene adaphunzitsa Chichewa kusekondale zaka zoposa 30, adaliyang'ana pepalalo nthawi yaitali.

"Amisiri," adatero, "kodi amene akuyankhula pabatanipa ndani?"

"Sindikumvetsa bwino, aphunzitsi," ndidayankha.

"Ngati tikuyankhula ndife eni nyumba, mlendo wathu sitingamuuze kuti werenga ngati mwana. Koma ngati ndi mlendoyo amene akulamula makina, makina sapatsidwa ulemu. Tsono tiuzeni, mawuwa akutuluka m'kamwa mwa yani?"

Funso limeneli silipezeka m'buku lililonse la kamangidwe ka mawebusaiti limene ndidawerengapo, chifukwa Chingerezi chimabisa yankho lake: mneni wolamula ndi mmodzi yemweyo kwa mfumu ndi kwa galu. Komitiyo idakambirana maola awiri. Mtsikana wina wophunzira zaziyankhulo adapereka maganizo amene onse adagwirizana nawo, akuti pamene webusaiti ikuitana wowerenga tizilemba mwaulemu, Werengani, Fufuzani, Tilembereni, ndipo pamene ikungosonyeza malo tizilemba dzina la malowo, monga Zolemba Zakale kapena Za Ife. Chimene adachita anthuwa tsiku limenelo chinali kukonza maonekedwe ndi khalidwe la webusaiti, ntchito yomwe ija imene amisiri amaitcha yawo, ngakhale kuti panalibe ndi mmodzi yemwe wa iwo amene adalembapo mzere wa pulogalamu.

Nditasonkhanitsa zitsanzozi padatsala funso limene wosankha nkhani aliyense amadzifunsa: ndani adzalowe m'chipinda kudzamvera zimenezi? Pamsonkhano wa ku Johannesburg kapena ku Harare, oyankhula Chichewa angakhale ochepa, ndipo chipinda choyandikana nacho mwina mudzakhala nkhani ya m'mene munthu angachulukitsire makasitomala. Ndidaona kuti ndikalemba ngati wodandaulira chiyankhulo changa chokha, adzandimvera chisoni n'kusankha wina. Koma zimene ndafotokozazi si za Chichewa chokha. Wolankhula Chizulu, Chishona kapena Chitswana amalimbana ndi magulu a mayina omwewo ndi mawu osinthira kumutu. Mswahili amalemba ng'ombe ndi nkhodolero ngati ife. Ngakhale Mbunu ali ndi kamawu kake ka 'n kamene kamayamba ndi chizindikiro chomwecho. Ambiri mwa amisiri okhala m'chipindacho amayankhula ziyankhulo zimenezi kunyumba, kenaka m'mawa n'kukamanga mawebusaiti a Chingerezi chokhachokha, chifukwa adazolowera kuti chiyankhulo cha amayi awo chimavuta pakompyuta. Ndidafuna kukawaonetsa malo enieni pamene chimavutira, ndi kuti ambiri mwa malowo amakonzeka ndi mizere yochepa.

Chidulecho ndidayamba kuchilemba m'Chichewa, kuti ndione ngati mfundo yake ingaime payokha popanda mawu akuluakulu a ntchito yathu. Chidali chotere:

"Zikombole zambiri za WordPress zimakonzedwa poganizira Chingerezi. Nkhani iyi ionetsa malo anayi amene webusaiti ya Chichewa imathyokera: maadiresi a masamba, bokosi lofufuzira, kaduledwe ka mawu pafoni, ndi mauthenga a pulogalamu. Pamalo alionse ndidzaonetsa vutolo likuchitika, chifukwa chake, ndi njira yolikonzera. Omvera adzatuluka ndi mndandanda wa zinthu zoyenera kuyesa asanapereke webusaiti kwa mwini wake. Zitsanzo n'za Chichewa, koma aliyense womangira anthu oyankhula Chizulu, Chishona, Chitswana kapena Chiswahili adzazizindikira. Sipafunika kudziwa chiyankhulo chilichonse mwa izi, ngakhale kulemba mapulogalamu."

Kenaka ndidachitembenuzira m'Chingerezi, chifukwa ndicho chiyankhulo cha fomuyo ndi cha msonkhanowo. Ena angaone ngati n'zoseketsa kupempha m'Chingerezi mpata wokambira za Chichewa. Ine sindidaone chovuta. Wofuna kuti mlandu wake umveke amapita kubwalo kumene kuli eni mlandu, ndipo eni zikombolezi amakumana kumeneko. Nkhani zambiri za pamisonkhanoyi zimajambulidwa n'kuikidwa pa WordPress.tv, moti mmisiri wa kutali amene sadzapondapo ku Malawi angathe kudzaona ng'oma ikusanduka ngoma n'kukumbukira tsiku limene akulemba pulogalamu yake. Pa bokosi la kutalika ndidapempha mphindi 30, ndipo pa bokosi la omvera ndidalemba kuti oyamba kumene ndi odziwa kale onse angapindule. Pa mbiri yanga ndidalemba ntchito imene ndimagwira ndi anthu amene ndimawamangira, ndipo ndidatchula kuti mfundo ya mabatani idachokera kwa komiti ya alembi.

Pokonza njira zothetsera mavuto anayiwa ndidafika pamalire a luso langa, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi ndaibweretsa kwa inu owerenga magazini ino. Nkhodolero ndi chilembo cha ŵ mmisiri angathe kuzikonza yekha. Koma kuti bokosi lofufuzira lidziwe kuti mudzi ndi midzi ndi mawu amodzi, pafunika mndandanda wa mayina m'umodzi ndi m'unyinji. Kuti lidziwe kuti anagula, adagula ndi sitidzagula zimachokera kumodzi, pafunika mndandanda wa mizu ya aneni ndi wa zophatikiza zake m'ndondomeko yoyenera. Kuti mawu adulidwe bwino, pafunika malamulo a maphatikizo olembedwa m'njira imene kompyuta ingawerenge. Nzeru zimenezi zilipo kale. Bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1972 ndipo lidatulutsa malamulo a kalembedwe m'zaka za 1973, 1980 ndi 1990. Centre for Language Studies, imene idalowa m'malo mwake m'chaka cha 1996, idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja m'chaka cha 2000. M'malaibulale a ku Zomba, ku Lusaka ndi ku Maputo muli zofufuza zambiri za ophunzira zofotokoza kapangidwe ka mneni wa Chinyanja mwatsatanetsatane. Zonsezi zili pamapepala, m'maonekedwe amene munthu amawerenga koma pulogalamu singathe kugwiritsa ntchito.

Mutu umodzi susenza denga. Wophunzira wa chaka chachinayi amene akusowa mutu wa kafukufuku angathe kulemba mayina 2,000 odziwika kwambiri m'umodzi ndi m'unyinji, pamodzi ndi kalembedwe kake ka ku Zambia ndi ku Mozambique, n'kuwaika poyera ndi chilolezo chimene chimalola aliyense kuwagwiritsa ntchito. Kwa mphunzitsi wake ingaoneke ngati ntchito wamba yopanda chiphunzitso chatsopano. Kwa ine ndi anzanga ingatanthauze kuti mwana wasukulu wa ku Katete akafufuza cimanga pa webusaiti yomangidwa ku Blantyre apeze nkhani imene akufuna. Komiti yosankha oyankhula ili ndi ufulu wovomera kapena kukana pempho langa, ndipo yankho lake ndikulidikira. Mndandanda umenewu ndidzaufuna ndithu, kaya bwalo andipatsa kaya ayi, chifukwa aphunzitsi aja adandifunsa kale kuti bokosi lawo lofufuzira lidzayamba liti kumva Chichewa.